Kodi chilakolako chogula zinthu ndi chathu, kapena adachita kutiphunzitsa otsatsa malonda?

Nachisale, wa ku Mufakose

Moni makolo ndi abale nonse a m'bwalo lino. Ine ndine mdzukulu wa machona amene adachoka ku Dedza kudzagwira ntchito mumzinda uno wa Harare ukadali kutchedwa Salisbury, ndipo ndili m'chaka chachiwiri ku yunivesite, komwe ndikuphunzira za kakhalidwe ka anthu m'magulu, phunziro limene timalitcha sosholoje. Mwezi uno takhala tikuwerenga za anthu ophunzira amene adadzudzula kapitalizimu, lomwe ndi dongosolo la chuma limene eni mpamba amalemba anzawo ntchito kuti iwo apeze phindu, komanso mmene maganizo awowo amathandizira pofufuza wailesi, nyuzipepala, kanema ndi kagulidwe ka anthu. Ndabweretsa nkhaniyi kuno chifukwa zimene ndikuwerenga m'Chingerezi zimangoyandama m'mutu mpaka nditaziyesa pa anthu amene ndimadya nawo mbale imodzi.

Theodor Adorno ndi Max Horkheimer, Ajeremani awiri amene adathawira ku America m'nthawi ya Hitler, adalemba m'zaka za m'ma 1940 kuti nyimbo, mafilimu ndi mapologalamu a pa wailesi zasanduka katundu wa m'fakitale, woumbidwa m'chikombole chimodzi ngati njerwa, ndipo ntchito yake ndi kupumitsa munthu wotopa kuti mawa alawirirenso ku ntchito osafunsa chifukwa chimene moyo wake ulili chonchi. Nditawerenga zimenezi ndidakumbukira mayi anga aang'ono, amene amaoda tomato ku Mbare Musika n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu pafupi ndi kwathu. Tsiku lina madzulo adatsala ndi madola awiri okha m'manja, ndipo ndidawaona akuyamba kugula bandulo ya WhatsApp, kenako ndi ndalama yotsalayo adagula timafuta tophikira topima m'kabotolo, tija anzathu Achishona amatitcha tsaona. Ndinene zoona, mumtima ndidawaweruza, n'kunena kuti kumeneku ndiye kunyengedwa kumene mabuku akunena.

Masiku apitapo, koma chiweruzo changacho chikundisowetsa mtendere, chifukwa mayi amenewa adalera ana anayi ndi tomato yemweyo ndipo sindidawaonepo akutaya khobiri pachabe. Ndiye ndikufunseni inu amene mudaona zambiri: kodi maganizo odzudzula kapitalizimu akutiuza kuti munthu wosauka akagula chinthu chimene adachimva pa wailesi kapena kuchiona pafoni ndiye kuti wapusitsidwa basi? Nanga maganizo amene adabadwira ku Frankfurt ndi ku Los Angeles, kumene Adorno ndi Horkheimer ankakhala, angayeze bwino moyo wa kuno ku Harare?

Bambo Mbewe, wa ku Highfield

Nachisale, mwana wanga, mwafunsa funso labwino, ndipo ine monga mphunzitsi wopuma pantchito ndiyankha motalikitsa pang'ono. Musanafike kwa Adorno muyambe mwabwerera kwa Karl Marx, chifukwa ena onsewo adatunga madzi pachitsime chake. M'buku lake lonena za mpamba, limene gawo lake loyamba lidatuluka mu 1867, iye adati katundu akafika pamsika amabisa manja amene adamupanga, kotero kuti wogula amaona mtengo ndi kukongola kokha, ngati kuti katunduyo ali ndi mphamvu yakeyake monga chithumwa. Ine mfundo imeneyi sindidaivutikire kuimvetsa. Bambo anga adabwera kuno kudzera kwa a Mthandizi, bungwe lija lolemba anthu ntchito, ndipo adagwira ntchito zaka zambiri m'mafamu a fodya a ku Mashonaland, kuthyola masana, usiku n'kumachezera pabalani kusonkhezera moto kuti fodya apse bwino. Koma papaketi ya ndudu m'sitolo simukadaona utsi umene udawafiiritsa maso, ndipo chithunzi cha wotsatsa malonda chinkaonetsa bwana wovala tayi. Phunziro lanulo likamafufuza malonda, funso lake loyamba ndi limeneli: ndani wabisika kuseri kwa chinthu chonyezimirachi?

Funso lachiwiri adalinola bwino Dallas Smythe wa ku Canada mu 1977. Iye adati chimene wailesi kapena kanema wa malonda amagulitsa kwenikweni ndi omvera ndi oonera, amene amasonkhanitsidwa n'kuperekedwa kwa otsatsa malonda, ndipo nyimbo ndi masewero ndi nyambo chabe. Inu mukamamvera mpira kwaulere, pali wina amene walipira kuti khutu lanu likhale pamenepo nthawi imene dzina la sopo wake likutchulidwa.

Musaganize kuti izi n'za Azungu okha, chifukwa zidachitikira makolo athu omwe. Mu 1949 kudabwera kawailesi kotchipa kotchedwa Saucepan Special, kooneka ngati sefuliya, kopangidwa ndi kampani ya Ever Ready ndipo kankagulidwa mapaundi asanu. Anthu a ku Nyasaland ndi ku Rhodesia ziwiri zija ankamvera nako Central African Broadcasting Station ya ku Lusaka, imene inkaulutsanso mawu m'Chinyanja. Boma la atsamunda linkafuna khutu la munthu wakuda pa zifukwa zake, ndipo amalonda sadachedwe kuzindikira kuti mwini khutulo ali ndi kathumba ka malipiro a pamwezi.

Ngati pali buku limodzi limene ndingakulimbikitseni kulifunafuna, ndi la Timothy Burke, katswiri wa mbiri yakale wa ku America, lotchedwa Lifebuoy Men, Lux Women, la mu 1996, chifukwa likunena za dziko lino lenileni. Iye adaonetsa mmene amishoni, masukulu ndi makalabu a amayi adaphunzitsira anthu kuti thupi la munthu wakuda n'lauve pokhapokha litasambitsidwa ndi sopo wa m'fakitale, ndipo amalonda monga a Lever Brothers adadzakolola m'munda wolimidwa kalewo, Lifebuoy n'kukhala wa mwamuna wa thukuta, Lux wa mkazi wofuna kukongola, pambuyo pake n'kubwera mafuta oyeretsa khungu monga Ambi. Nditaliwerenga ndidakumbukira agogo anga aakazi, amene ankakazinga nsatsi, kuzisinja mumtondo, kuziwiritsa, n'kumatapa mafuta oyandama pamwamba ndi chipande, ndipo ankatidzoza mafutawo tikasamba mpaka miyendo kuchita kung'anima. Tsiku lina kusukulu, pamzere woyendera ukhondo, anzanga adandiseka chifukwa cha fungo la nsatsizo, ndipo nditafika kunyumba ndidawakana agogo kuti asandidzozenso. Iwo sadayankhe kanthu, adangotseka kabotolo kawo. Manyazi amenewo sindidabadwe nawo, adachita kundiphunzitsa, ndipo pali amene adapindula nawo. Ichi n'chifukwa chake ine ndimati maganizo odzudzula kapitalizimu ali ndi choonadi chachikulu: njala munthu amabadwa nayo, koma zilakolako zambiri zimachita kubzalidwa.

Komabe Burke yemweyo sadanene kuti anthu adangomeza chilichonse. Adaonetsanso kuti mafuta odzola a m'sitolo monga Vaseline adalandiridwa msanga chifukwa adalowa m'malo mwa mwambo wakale wodzola thupi. Choncho mayi anu aang'onowo musafulumire kuwaweruza.

Nabanda, wa ku Mbare

Bambo Mbewe, zikomo chifukwa cha mawu anu, makamaka chiganizo chomalizacho, chifukwa mukadapanda kuchilemba ndikadakwiya nanu. Ine ndimagulitsa kaunjika kumsika wa Mupedzanhamo, ndipo foni imene mwanayu akuikayikira ndiyo sitolo yanga. Ndikadula mawaya a belo m'mawa, ndimasankha zovala zabwino, kuzikung'untha, kuzijambula, n'kuziika pa WhatsApp, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo ena amakhala atalipira kale pa EcoCash n'kundiuza kuti ndiwasungire. Tsiku limene ndilibe bandulo ndi tsiku limene ana anga amadya ndiwo zopanda mafuta. Munthu amene akuona mayi akugula bandulo asanagule mafuta n'kunena kuti wapusitsidwa sadawerengere kuti mafuta a mawa achokera kuti.

Chimene sindigwirizana nacho m'mabuku amenewa, monga mwawafotokozera, n'chakuti akuyankhula ngati wogula alibe mutu. Makasitomala anga amadziwa bwino kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Amatembenuza malaya kunja n'kuyang'ana msoko, amakoka nsalu, amanunkhiza, amanenerera mtengo mpaka ine kutopa. Mnyamata amene akufuna malaya a dzina lotchuka sikuti akukhulupirira kuti dzinalo lili ndi mankhwala, koma akudziwa kuti akapita kukafunsira ntchito mlonda wa pageti ayamba wamuyang'ana nsapato ndi kolala asanaone satifiketi yake. Ngati pali wolakwa pamenepo, ndi mzinda umene umayeza munthu ndi chovala, ndipo mnyamatayo wangouwerenga bwino mzindawo.

Koma pali mbali ina imene ndikuvomereza ndi mtima wonse, ndipo ndikuivomereza monga telala. Ndisanayambe kaunjika ndinkasoka m'fakitale ya zovala, ndipo tidachotsedwa ntchito ambirimbiri m'zaka zotsatira ESAP, ndondomeko ija ya chuma ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 imene idatsegula zipata kuti katundu wakunja alowe. Lero ndikatsegula belo lodzera ku Mozambique ndimawerenga tinsalu ta m'khosi, n'kupeza kuti diresi lidasokedwa ku Bangladesh kapena ku China, lidavalidwa ku Ulaya mwina kangapo kokha, n'kutayidwa likadali lolimba. Ndikayang'ana msoko ndimadziwa liwiro limene mkazi mnzanga ankathamanga nalo pamakina, chifukwa inenso ndidathamangapo choncho kapitawo ataima kumbuyo kwanga. Amene amandigula saona zimenezo, ndipo sindingawadzudzule. Ngati ndi zimene Marx ankanena, ndiye kuti adanena zoona. Chodabwitsa n'chakuti ife tikukhalira moyo zotsala za anthu ena amene adaphunzitsidwa kutopa ndi chovala chisanathe.

A Phiri, a ku Mabvuku

Ine ndidagwirapo ntchito ya utolankhani kwa zaka zingapo, ndipo ndikufuna kuonjezera mbali ya eni nyumba zofalitsa nkhani, chifukwa Nachisale akailumpha nkhani yake idzakhala ya mwendo umodzi. Mu 1988 Edward Herman ndi Noam Chomsky adafotokoza kuti nkhani isanafike kwa owerenga imadutsa m'masefa asanu, ndipo awiri oyamba ndi mwini nyuzipepala ndi otsatsa malonda. Sefa wachiwiriyo ndidamuona ndi maso anga. Ndidalembapo nkhani ya antchito a pakampani ina amene adakhala miyezi osalandira malipiro, ndipo ndidali ndi makalata awo ndi mayankho a mabwana omwe. Mkonzi sadanene kuti nkhaniyo ndi yabodza, adangondikumbutsa kuti kampaniyo imagula tsamba lathunthu mlungu uliwonse ndipo malipiro athu amachokera pamenepo. Nkhaniyo idagona m'kompyuta mpaka lero. Palibe amene adatiopseza kapena kutiimbira foni, tidadziletsa tokha, ndipo mtolankhani akaphunzira zimenezi kamodzi sadikiranso kuuzidwa.

Tsopano pa funso lakuti kodi maganizo amenewa akutikwana kuno, yankho langa n'lakuti akutikwana mbali imodzi. Iwo adalembedwa m'mayiko momwe nyumba zambiri zofalitsa nkhani zili m'manja mwa amalonda, pamene kuno dzanja la boma lakhala lolemera kuyambira kale. Nyuzipepala ya The Herald idayamba mu 1891 ndipo kwa zaka zambiri idali pansi pa kampani ya Argus ya ku South Africa, ikuyankhulira atsamunda ndi chuma chawo. Mu 1981 boma latsopano lidakhazikitsa Zimbabwe Mass Media Trust, imene idagula masheya a Argus ndi ndalama zothandizidwa ndi dziko la Nigeria, ndipo cholinga chimene chidanenedwa chidali kuchotsa nyuzipepala m'manja mwa eni mpamba akunja. Aliyense wa ife akudziwa kuti pambuyo pake mawu a boma ndiwo adakula m'masamba amenewo. Nyuzipepala ya The Daily News idatsekedwa mu 2003, mawailesi a malonda ofika dziko lonse monga Star FM ndi ZiFM adayamba mu 2012, ndipo mu Januwale 2019, pa zionetsero za kukwera mtengo kwa mafuta a galimoto, intaneti idazimitsidwa. Kumudzi ku Malawi nako, nthawi yonse ya Kamuzu Banda kudalibe kanema wa dzikolo, ndipo adayamba mu 1999. Wofufuza amene angoyang'ana msika n'kuiwala boma adzaona theka la nyama.

Chachiwiri n'chakuti Adorno ndi anzake ankadandaula za anthu omira m'katundu wochuluka. Ife tidaona 2008, pamene mashelefu a m'masitolo adali mbee, anthu n'kumakwera mabasi kupita ku Musina ku South Africa ndi ku Francistown ku Botswana kukagula ufa ndi sopo, mpaka kumayambiriro kwa 2009 kudasindikizidwa pepala la ndalama la madola 100 thiriliyoni. Munthu amene adadutsa m'zimenezo akagula foni yabwino kapena kulipira DStv, pali china chimene akudzitsimikizira, ndipo sosholoje ya kuno iyenera kuchimvetsa isanachidzudzule.

Koma Amayi Nabanda, ndiloleni ndisiyane nanu pang'ono. Nzoona kuti foni ndi sitolo yanu, koma bwalo limene sitoloyo yaima si lanu. Facebook idagula WhatsApp mu 2014 pamtengo wa madola pafupifupi 19 biliyoni, ndipo kampani imeneyo, imene tsopano ikutchedwa Meta, pafupifupi ndalama zake zonse imazipeza kwa otsatsa malonda. Shoshana Zuboff adafotokoza mu 2019 kuti makampani otere amakolola zizolowezi zathu, zimene timakonda kuona, nthawi imene timakhala pafoni ndi malo amene tili, n'kuzisandutsa malonda. Apa mfundo ya Smythe yakula kuposa mmene mwini wake adaisiyira, chifukwa kale omvera ankangokhala chete, pamene lero ndife amene timajambula zithunzi, kulemba, kuseketsana, ndipo timalipiranso bandulo kuti tigwire ntchito imeneyo. Mawa eni bwalo akasintha malamulo, kapena mtengo wa bandulo ukakwera, inu ndi makasitomala anu simudzafunsidwa. Dandaulo limeneli si lachilendo: mu 1980 bungwe la UNESCO lidatulutsa lipoti la komiti ya Sean MacBride lonena kuti nkhani ndi zithunzi zikuyenda njira imodzi, kuchoka kumayiko olemera kupita kwa osauka.

Nachisale, wa ku Mufakose

Zikomo kwambiri Bambo Mbewe, Amayi Nabanda ndi a Phiri. Dzulo ndidachita chimene ndimayenera kuchita poyamba, ndidakakhala pa tebulo la tomato n'kuwafunsa mayi anga aang'onowo za bandulo ija. Adatsegula foni n'kundionetsa gulu la amayi anzawo ooda ku Mbare, momwe amene wafika m'mamawa amalemba mtengo wa bokosi la tomato tsiku limenelo, kuti wina asataye ndalama ya kombi pa tsiku limene mtengo wakwera. Adandionetsanso gulu la chithandizo cha maliro la anthu a kwathu, ndi mawu amene mwana wawo wa ku Johannesburg amawatumizira Lamulungu lililonse, amene amawamvetsera kawiri kapena katatu. Kenako, ndisadawafunse, adanena okha kuti usiku amakhalanso akuonera timavidiyo ta makhitchini ndi makatani a anthu ena mpaka bandulo kutha, ndipo akazimitsa foni chipinda chawo chimawaonekera chaching'ono kuposa mmene chidalili masana. Adanena zimenezi akupukuta tomato ndi kansalu, osandiyang'ana.

Mphunzitsi wathu watipatsa tsopano nkhani ya Stuart Hall, wobadwira ku Jamaica amene ankagwira ntchito ku Birmingham, ya mu 1973. Iye adati wopanga uthenga amaikamo tanthauzo limene akufuna, koma wolandira angathe kulivomereza, kulivomereza mbali ina n'kukana mbali ina, kapena kulikana lonse. Ndikuona kuti akuyandikana ndi zimene Amayi Nabanda anena, ngakhale kuti iyenso sadaiwale kuti amene ali ndi wailesi ndi amene amayamba kuyankhula. Pali Pierre Bourdieu wa ku France amenenso tidzamuwerenge, amene mu 1979 adaonetsa kuti zimene munthu amakonda kudya, kuvala ndi kumvera zimaulula gulu limene adakuliramo, ndipo ndikuganiza kuti mnyamata wa malaya a dzina uja ndi mlonda wa pageti ndidzawapeza mmenemo.

Ndasankha kuti ntchito yanga ya teremu ino ikhale pa sopo ndi mafuta odzola, kuyambira pa nsatsi za agogo a Bambo Mbewe kufika pa mafuta oyeretsa khungu amene atsikana anzanga amawaona pa Facebook ndi pa TikTok. Mlungu wamawa ndipita ku National Archives, nyumba yosungira zolemba zakale za dziko lino, kukafunafuna malonda akale a m'magazini ya Parade. Amayi Nabanda, ngati mungalole, ndikupempha kudzakhala nanu ku Mupedzanhamo tsiku lotsegula belo, ndidzakuthandizeni kukung'untha zovala kwinaku ndikumvetsera mmene anthu amanenerera mtengo. Ndiuzeni tsiku ndi nthawi yoti ndifike.